Za Mau a Cingerezi Akuti Complacency, ndi Nthenda ya Mtima Wokhuta

Mwezi uno ndifuna kuti ticeze za mau amodzi a Cingerezi. Kapena wina adzati, Ife a kumudzi tiri nao ciani mau a Azungu? Kodi athu atha? Sanathe ai. Koma mau ali ngati anthu: ali ndi kwao, ali ndi makolo ao, ndipo alipo ena amene anabadwira m'banja labwino, nasokera atakula. Mau amene ndirikunenawa ali otere, ndipo njira imene anasokera nayo ndi yomweyo imene asokera nayo Akristu ambiri m'midzi mwathu muno. Amene ali nalo Buku Lopatulika atsegule pa Luka 12, aikepo kaudzu, pakuti tidzafikapo bwino lino.

Mauwo ndiwo complacency, ndipo munthu wogwidwa ndi nthenda yace amchula complacent. Ana athu a sukulu awapeza m'mabuku mwao ndi m'manyuzipepala. Mngerezi wa lero akakunena ndi mau awa, usayese kuti alikukuyamika. Alikuti mtima wako wakhuta ndi iwe mwini. Wayang'ana nchito zako, ndi makhalidwe ako, ndi mbiri yako, nuti, Zakwana. Ndipo cifukwa ca kukhutako suonanso coopsa cimene cirikudza. Ziwirizi sizilekana, kukondwa ndi iwe mwini ndi kusapenya tsoka. Mlonda wa pa sitolo amene ati, Zaka khumi ndalonda pano ndipo mbala sinapondepo, nayala mphasa yace pakhonde, nagona tulo, ameneyo ndiye complacent.

Tisasokoneze nthenda iyi ndi zinzace. Kunyada kuli ndi phokoso; wonyada adziwika ndi kayendedwe komwe, ndipo mudzi wonse umnena. Ulesi uoneka ndi maso, pakuti munda wa waulesi uli m'mbali mwa njira, ndipo udzu wace ucita umboni. Koma munthu wa mtima wokhuta akhoza kukhala wofatsa, wolawira kumunda, wosajomba ku mapemphero, wa mau okoma kwa alendo. Palibe mlandu umene akulu a mpingo angamuitanire. Cimene camcokera ndi njala yokha basi. Nonse mudziwa umo acitira munthu atatha mitanda itatu ya nsima: akankha mbale, nasamba m'manja, natsamira mtengo, mungakhale mumdzere ndi nkhuku yonona, adzangoiyang'ana. Pa za thupi kukhuta kotere nkwabwino, ndipo tiyamika nako Mulungu. Koma pa za mzimu, Ambuye paphiri paja anachula odala iwo amene mtima wao ulirira cilungamo monga mimba ilirira cakudya. Ndipo kwa okhuta anatulutsa mau a tsoka, monga tiwerenga pa Luka 6:25.

Tsono tiyeni kwao kwa mauwa, tikaone makolo ao. Anacokera ku Cilatini, ndico cinenero ca Aroma, anthu aja a Kaisara amene analamulira Yudeya masiku a Ambuye wathu. Yohane atiuza kuti lembo la Pilato pamwamba pa mtanda linalembedwa m'zinenero zitatu, ndipo cimodzi cinali cimeneci. Lero palibe mtundu umene ulera ana ace m'Cilatini, koma cinasiya ana ace a ico, ndiwo Citaliyana, Cifalansa, Cisipanishi ndi Cipwitikizi. Cingerezi si mwana wace ai, koma cinabwereka mau ambirimbiri pakhomo pace, ena kwa mwini wace, ena kupyolera mwa Cifalansa, ndipo sicinabweze.

Aroma anali ndi mau akuti placere, ndiko kunena kukondweretsa. Kutsogolo kwace anaikako kacidutswa kakuti com, kocokera ku mau ao akuti cum, ndiko kuti pamodzi ndi. Koma kacidutswa aka kakamamatira pa mneni, kawiri kawiri kangompatsa mphamvu, monga ticitira ife pakuonjeza kumcira kwa mau: kumva ndi kumvetsa, kuyang'ana ndi kuyang'anitsa, kugwira ndi kugwiritsa. Cotero complacere ndiko kukondweretsa kwambiri, kukondweretsa kofika pansi pa mtima. Pamenepo panaphuka dzina lakuti complacentia, ndipo ndilo Angerezi analitenga nalisula kukhala complacency. Banja lace nlalikulu. Mau aja akuti please, amene mwana aphunzira tsiku loyamba la Cingerezi, ndi a mtundu womwewo. Momwemonso pleasure, ndico cikondwerero. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene alankhula Cipwitikizi, pokomana ndi mlendo anena prazer. Nawonso alikutunga pa citsime comweco.

Apa mucere khutu, pakuti ndipo pagona nkhani yonse. Kukondweretsa kufuna awiri. Pakhale wokondweretsa, pakhalenso wokondwera naye. Mkamwini akondweretsa apongozi ace ndi khasu. Mwana akondweretsa amace pakutunga madzi asanamtume. Nyimbo ikondweretsa womva. Maso a wokondwayo ali kunja, pa cinthu cina, kapena pa munthu wina wosati iye. Umo ndimo anabadwira mau awa.

Ndipo anakulira pamalo opatulika. M'caka ca 382 Damasus, bishopu wa ku Roma, anapempha munthu wophunzira dzina lace Jerome kuti akonze mabuku a Uthenga Wabwino a m'Cilatini, pakuti olemba pamanja anali atawasiyanitsa kwambiri. Iye anatsiriza nchitoyo m'caka ca 384. Pambuyo pace anakakhala ku Betelehemu, namasulira Cipangano Cakale kucokera ku Cihebri, kufikira ca m'ma 405; namwalira komweko m'caka ca 420. Buku lija licedwa Vulgata, ndipo linali Buku la mipingo ya ku Ulaya wa kumadzulo zaka zoposa 1,000. Tsono m'buku limenelo, pa Mateyu 3:17, pamene Yesu anabvuuka m'madzi a Yordano, ndi Atate anamcitira umboni kucokera kumwamba kuti mtima wao ukondwera naye, mau amene aima pamenepo ndi complacui. Pa phiri la kusandulika, Mateyu 17:5, ndi omwewo. Pa Yesaya 42:1, pamene Mulungu aonetsa Mtumiki wace wosankhika, tipeza complacuit. Taonani ulemu wa mau awa: anaturuka m'kamwa mwa Atate, nagwa pa Mwana.

Cifukwa cace aphunzitsi akale a Mpingo anawakonda. Iwo anaphunzitsa kuti cikondi ciri pawiri. Cina ndi ca kufunira wina zabwino, angakhale mulibe cokoma mwa iye: mai asambitsa mwana wa zironda zonunkha, Msamariya anyamula munthu wosamdziwa, Mulungu atuma Mwana wace kwa adani. Cina ndi ca kukondwera ndi ubwino umene uli mwa wina: nkhalamba iima pa mtumbira, niyang'ana mizere yoongoka imene mdzukulu wace walima, mtima wace nukhala myaa. Cikondi caciwirici ndico anacichula ca complacentia. Francis de Sales, bishopu wa ku Geneva, analemba za ico m'buku lace la cikondi ca Mulungu m'caka ca 1616. Ndi Jonathan Edwards, mbusa wa ku America, analongosola zikondi ziwirizo m'buku lace lina losindikizidwa m'caka ca 1765, iye atamwalira kale. Mmodzi anali Mkatolika, wina ai, koma pa ici anamvana, kuti mtima wa Mkristu upeza mpumulo wace pakukondwera ndi ubwino wa Mulungu.

Nanga anasokera bwanji mau okoma otere? Pamene analowa m'Cingerezi, m'zaka za m'ma 1600, anali ndi tanthauzo lao lakale, la kukondwera ndi ca kukondweretsa. Koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 anthu anali atayamba kuwanena za munthu wokondwa ndi iye yekha. Tanthauzo latsopanolo linakula ngati kaufiti pa muzu wa cimanga, kufikira lakale lija linafota. Lero ndi owerenga mabuku akale okha amene alikumbuka. Ndipo onani kumene anakathera. M'Buku Lopatulika la Cingerezi loturuka m'caka ca 1978, lochedwa New International Version, mau awa muwapeza pa Miyambo 1:32, ponena za cimene ciononga opusa. Pa Yesaya 32:9, podzudzula akazi a ku Yerusalemu osasamala kanthu. Pa Zefaniya 1:12, za amuna onga vinyo wokhazikika pa nsenga zace, oyesa m'mtima kuti Yehova sadzacita kanthu. Ndi pa Amosi 6:1, pamene mneneri alengeza tsoka. Mau amene m'buku la Jerome anatsika kumwamba ngati mdalitso, m'buku la Angerezi a lero ali m'kamwa mwa aneneri ngati cenjezo.

Codabwitsa ncakuti pa kusandulika konseku palibe lemba limodzi linasintha. Mbala inalowa m'nyumba osaboola cipupa. Pano cinenero cathu ciposa Cingerezi, ndipo ndinena ici wopanda manyazi, pakuti ife mbalayo tiiona ndi maso. Ndiko kacidutswa kaja kakuti dzi. Kukondweretsa ndi kudzikondweretsa. Kutama ndi kudzitama. Kukweza ndi kudzikweza. Kulungamitsa ndi kudzilungamitsa. Malemba atatu okha, koma pamene alowa, munthu waciwiri aturuka. Wokondweretsa ndi wokondwera asanduka munthu mmodzi. Maso aja amene anali kunja atembenukira m'kati, ndipo munthu akhala pansi ndi kudziyang'ana monga namwali pa kalirole.

Sinditi dzi ali yense ngwoipa. Tiri nako kudziletsa, kudzicepetsa, kudzikana, ndipo Paulo alamula kuti munthu adziyese asanayandikire Mgonero. Koma m'zimenezi munthu adzigwirira nchito monga mlimi agwirira munda wace, adzilima, adzipalira. M'zina zija adziweruza, nadzipeza wolungama, natseka bwalo. Kodi munaona pati mwini mlandu alikukhala pa mpando wa mfumu ndi kugamula mlandu wace? Mudzi wonse ukadaseka. Paulo yemweyo, pa 1 Akorinto 4, anena kuti ngakhale cikumbumtima cace sicimtsutsa pa kanthu, cimeneco sicimyesa wolungama, popeza womweruza ndi Ambuye. Ngati mtumwi amene anakwapulidwa ndi kuponyedwa miyala cifukwa ca Dzinalo anakana kukhala pa mpando umenewo, ndani mwa ife adzakhalapo? Ngakhale Yesu mwini, amene analibe banga, sanadzicitira umboni pa Yordano. Anaima m'madzi pamodzi ndi ocimwa, nakhala cete. Ndipo mau anacokera kumwamba.

Tsopano tsegulani paja munaika kaudzu. Ambuye afotokoza za munthu mwini cuma amene munda wace unapatsa kwambiri. Muwerenge bwino, ndipo mundiuze coipa cimene anacita. Sanabe. Sanasuntha malire a mnzace. Sanamana anchito ace malipiro, kapena ngati anatero sitiuzidwa. Kupasula nkhokwe zazing'ono ndi kuluka zazikuru si chimo. Yosefe anacita comweco m'Aigupto napulumutsa mitundu. Mwa ife akadakhala munthu wolemekezeka, ndipo kapena tikadamsankha akhale msungi wa cuma ca mpingo. Koma werengani ndi cala kangati anena za iye mwini, za nkhokwe zace, dzinthu zace, cuma cace, moyo wace. Ndipo funani ngati achula munthu wina ali yense. Mulibe mkazi m'mau ace, mulibe mbale, mulibe wamasiye wa kuseri kwa nkhokwe, mulibe Iye amene anagwetsa mvula. Afunsa yekha, nayankha yekha, nadzidalitsa yekha, nauza moyo wace kuti upumule zaka zambiri. Ndiye kholo la onse a dzi. Ndipo usiku womwewo munthu waciwiri uja, amene iye anamturutsa m'nkhani, analankhula; ndipo mau oyamba anali akumchula wopusa. Makolo athu anaciona ici asanamve Uthenga, pamene anati, Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Koma musatseke buku. Tsikani pang'ono m'mutu womwewo kufikira ndime 32. Pamenepo Ambuye atembenukira ophunzira ace, anthu opanda nkhokwe, nawachula kagulu kakang'ono ka nkhosa, nawaletsa mantha, popeza kwawakomera Atate ao kuwapatsa Ufumu. M'buku la Jerome mau a pamenepo ndi complacuit. Cotero m'mutu umodzi muli kukondwa kuwiri. Wina akondwa ndi iye yekha, nataya zonse usiku umodzi. Ena alibe kanthu kakudzikondweretsa nako, koma Wina akondwera kuwapatsa zonse.

Nthenda iyi sigwira munthu mmodzi mmodzi yekha; igwiranso mudzi ndi mpingo wathunthu. Amosi, mbusa wa ku Tekowa, ananenera masiku a Yerobiamu waciwiri, pamene Israyeli anali pa mtendere ndi pa cuma. Anadzudzula akulu ogona pa makama a minyanga, odya ana a nkhosa, osagwidwa cisoni ndi kuonongeka kwa mtundu wao. Sizinapite zaka zambiri, monga 40, ndipo m'caka ca 722 Kristu asanabadwe Asuri analanda Samariya. M'zaka za m'ma 1930 anthu ofukula zakale anakumba pa bwinja la mudziwo, napeza tizidutswa tambiri ta minyanga ya njobvu tozokotedwa bwino. Minyanga inatsala m'dothi kucitira umboni mneneri. Eni ace anatengedwa ukapolo.

Koposa onse ndi mpingo wa ku Laodikaya, wa pa Cibvumbulutso 3. Bwinja la mudzi umenewo liri m'dziko la Turkey, pafupi ndi mzinda wa Denizli. Unali mudzi wa osunga ndalama, wa nsaru za ubweya wakuda, ndi wa asing'anga odziwa mankhwala a maso. M'caka ca 60 cibvomezi cinaugwetsa. Ndipo Tacitus, wolemba mbiri wa Aroma, asimba kuti eni mudzi anaumanganso ndi cuma cao cokha, osalandira thandizo la Kaisara. Pa za dziko cimeneci ncoyamikika, ndipo ndikadakonda midzi yathu ikadakhala nao mtima wotere. Koma mtima womwewo unalowa m'nyumba ya mapemphero, ndipo Akristu anayamba kuyesa kuti ndi kwa Mulungu komwe sasowa kanthu. Cifukwa cace Ambuye anawalasa pa zitatu zomwe anadzitama nazo: a mudzi wa ndalama anawachula aumphawi, a mudzi wa nsaru anawachula amarisece, a mudzi wa mankhwala a maso anawachula akhungu. M'kalata yonseyo simupeza mlandu wa cigololo, kapena wa mafano, kapena wa ciphunzitso conama, monga m'makalata a mipingo ina. Ndipo mwa mipingo isanu ndi iwiri ija, uwu ndiwo umene Ambuye sanaupezera mau amodzi akuuyamika. Coopsa koposa ciri kumapeto: Mwini mpingo aima kunja alikugogoda, ndipo a m'katimo apitirira ndi mapemphero ao, osazindikira kuti palibe.

Pali mbale wina wa mau athu aja amene atithandiza kumvetsa umo nthendayi inyengera. Ndiye placebo, ndiko kunena, ndidzakondweretsa. Nayenso anayambira m'Buku la Cilatini, pa Salmo limene ife tiliwerenga 116, ndime 9, ndipo anali mau oyamba oyimbidwa pa mapemphero a madzulo a maliro. Pambuyo pace Angerezi akale anawanena za munthu wosyasyalika. Ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 madokotala anachula dzinali mankhwala opatsidwa kuti akondweretse wodwala, osati kuti amcize. Kufikira lero, poyesa mankhwala atsopano, odwala ena apatsidwa mbulu weniweni, ena mbulu wofanana nao wopanda mphamvu m'kati, kuti kudziwike ngati mankhwalawo acizadi. Ndipo cidziwika kuti womwa mbulu wacabewo kawiri kawiri anena kuti akumvako bwino, ndipo sanama. Mutu ulekadi kuwawa pang'ono. Koma tizirombo ta malungo m'mwazi mwace sitinamve kanthu.

Abale, tisanamizane, ambiri a ife tirikumwa mibulu yotere. Zinthu zace nzabwino, koma tazisandutsa zotonthoza mtima. Uyu anakhoza mafunso a kalasi, nabatizidwa, nalandira khadi lace. Alisunga m'thumba la pulasitiki pansi pa sutikesi, ndipo kuyambira tsiku lija sanaphunzirenso ndime imodzi. Kwa iye ubatizo unali ngati kutsiriza sukulu, pamene unayenera kukhala tsiku loyamba. Uyo ati, Agogo anga ndiwo analandira aphunzitsi oyamba m'mudzi muno, napereka malo a chalichi. Zoona, ndipo Mulungu sanaiwala. Koma Yohane Mbatizi anawayankha kale amene anatsamira pa Abrahamu. Winanso awerenga ndi zala zimene sacita: mowa sindimwa, mkazi ndiri naye mmodzi, kwa woombeza sindipita, ku dambwe ndinaleka. Tiyamika Mulungu pa zonsezi. Koma mtengo wa mango suyamikidwa cifukwa ulibe minga. Mwini afuna mango. Mfarisi wa pa Luka 18 anawerenga momwemo, ndipo zonse ananena zinali zoona. Koma m'pemphero lace lonse sanapempha kanthu, cifukwa cace sanalandira kanthu. Ndipo mpingo umene waocha njerwa, nufolera malata, nugula belu, uyenera kucenjera caka cotsatira koposa caka ca kumanga. Pakuti pomanga onse anali ndi njala ya cinthu cimodzi, koma nyumba itatha ambiri akankha mbale. Ife aphunzitsi ndi alaliki tiri pafupi ndi dzenje ili koposa onse, popeza tigwira Mau tsiku ndi tsiku, ndipo wophika akhoza kukhuta ndi pfungo lokha.

Mudzafunsa, Tidzaidziwa bwanji, popeza siwawa? Apo ndipo pobvuta, pakuti ciswe cidya mzati m'kati, kunja khungwa liri gwa. Koma gogodani mzatiwo, mudzamva. Ngati pa ulaliki uli wonse mtima wanu uthamangira kwa mnansi, ndi kuti, Ha, akadakhalapo uje lero; ngati mbale akakudzudzulani pa kanthu kakang'ono mukwiya sabata lathunthu; ngati pocitira umboni za cisomo ca Mulungu musimba za zaka makumi awiri zapitazo, ndipo za mwezi uno mulibe; ngati simukumbuka tsiku limene munapempha cikhululukiro pa chimo lochulidwa dzina lace, koma mungoti mwa cizolowezi, Mutikhululukire zocimwa zathu zonse; pamenepo mzati ulira ngati ng'oma. Uja anati ndadziwa kale, akulu amati anamanga nyumba yopanda khomo.

Koma ndimva wina wa mtima wofooka alikuti, Nanga Mkristu sapuma konse? Kodi tidzakhala onjenjemera masiku onse, osadziwa ngati Mulungu atilandira? Iai, mlongo wanga, mau awa sindinalembere iwe kuti ndikuthyole. Kupuma kulipo, ndipo nkwakukuru. Taona anthu awiri ogona: mlonda uja wa pa sitolo, ndi khanda kumbuyo kwa amace pa ulendo wa usiku. Onse awiri ali m'tulo. Koma mlonda agona cifukwa adziyesa wosagonjetseka, ndipo palibe wina ali maso. Khanda ligona cifukwa wina ali maso, ndipo mbereko njolimba. Mtendere wa Mkristu ndi wa khandalo. Sucokera pa kudziyang'ana ndi kupeza kuti ndakoma. Ucokera pa mau aja a pa Yordano. Atate akondwera ndi Mwana, kukondwa kosatha ndi kosacepa. Ndipo iye amene ali mwa Mwanayo mwa cikhulupiriro alandiridwa cifukwa ca Iye. Pa tsiku limene wapemphera bwino kukondwa kumeneko sikukula, ndipo pa tsiku limene wagwa nulapa sikucepa. Munthu wodziwa ici akhoza kuyang'ana zoipa zace osabisa, popeza moyo wace sulendewera pa mbiri yace. Koma wodzikondweretsa sangathe kuziyang'ana. Akangobvomera banga limodzi, nyumba yace yonse igwa, ndipo ndico cifukwa cace akwiya pomdzudzula.

Paulo anali nazo zonse ziwiri, ndipo anaziika m'kalata imodzi, ya kwa Afilipi, imene analemba ali m'ndende. M'mutu 4 anena kuti anaphunzira kukhala wokwanira ndi zimene ali nazo, pokhuta ndi pomva njala pomwe. M'mutu 3 anena kuti sanafike, sanakonzeke konse, ndipo alikuthamangabe monga wa liwiro wosaceuka. Pa za mimba ndi za thumba anali wokhuta. Pa za kudziwa Kristu anali ndi njala kufikira imfa. Ife tazitembenuza. Pa za feteleza, za njinga, za malata ndi za foni sitikhuta, ndipo tigona mocedwa kuziganizira. Koma pa za kudziwa Kristu tinakhuta kale kale, tinasamba m'manja.

Mgonero wa Ambuye usanafike, ndipempha yense wa ife acite cinthu cimodzi cobvuta. Popeza mwini mlandu sagamula mlandu wace, apite kwa munthu womdziwa bwino ndi woopa Mulungu, kapena mkazi wace, kapena mwamuna wace, kapena mkulu wa mpingo wa dera lace, nafunse kuti, Muona ciani mwa ine cimene ine sindiciona? Ndipo atafunsa akhale cete, asadzikanire, angakhale mauwo awawe. Akapite nao kwa Ambuye m'tseri. Wofunsidwayo ayankhe zoona ndi mwacifundo, osati za placebo, ndipo asakazinene pa mtondo kapena pa bawo. Aphunzitsi a kalasi awerenge Luka 12:13-34 pamodzi ndi ophunzira ao masabata awiri, sabata loyamba kufikira ndime 21, laciwiri kuyambira ndime 22. Ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere okalamba ndi akhungu m'nyumba zao, pakuti ambiri a iwo safika ku chalichi nyengo ya mvula.